Chipewa cha a Kamzati

M'mudzi wina umene dzina lake tilisunga, munafika uthenga woti odwala khansa ya pakhungu sazionananso ndi dokotala mmodzimmodzi. Azikumana naye onse pamodzi, awafotokozere za opaleshoni, aliyense apatsidwe tsiku lake.

A Kamzati, mlimi wa chinangwa amene chilonda cha padazi chinawasowetsa mtendere, anavina ndi chimwemwe. Ankangofuna tsiku basi. Dokotala Chalamanda anali atawalamula kale kuti asamavule chipewa padzuwa, ndipo iwo ankamvera lamuloli kuposa akazi awo.

Koma kwathu kuno anthu akasonkhana oposa atatu, umenewo ndi mwambo. A Mkwezalamba, Wapampando Wamuyaya wa Komiti Yaikulu Yoona za Khungu ndi Zina Zotero, sanagone. Anabwereka tenti, anaitana kwaya, gule wa amayi, ndi Mlendo Wolemekezeka wochokera ku boma.

Tsikulo dzuwa linatuluka ngati nalonso laitanidwa. M'tenti munakhala Wolemekezeka, womunyamulira chikwama, womunyamulira foni, komiti yonse ndi alamu awo. Odwala anawayalira mphasa pamtetete kuti aoneke bwino pachithunzi.

"Abambo, zipewa pansi!" anakuwa a Mkwezalamba. "Wolemekezeka afika!"

"Pepani a Wapampando, adokotala anandiletsa," anatero a Kamzati.

"Adokotala ali pa nambala yomaliza pa pulogalamu. Pano tili pa ulemu. Mukufuna mudzi uno uchite manyazi?"

Chipewa chinatsika. Kunabwera pemphero lotsegulira, kenako pemphero lothokoza pemphero lotsegulira. Kwaya inaimba nyimbo yochenjeza za kuopsa kwa dzuwa, ndipo inakoma kwambiri moti anaibwereza. Wolemekezeka anati alibe mawu ambiri, nalankhula mpaka mithunzi inatembenuka. Dazi la a Kamzati linkanyezimira ngati chitumbuwa chongochoka m'mafuta.

Dokotala, amene anamutsekereza pakati pa alamu, anamasulidwa dzuwa litapendeka. Anayenda pamphasapo akuyang'ana mitu ndi makosi, nagwira pakamwa.

"Mayo ine! Anthu awa apserera. Khungu lotere sindingaliike mpeni mpaka lipole. Tidzakumanenso ulendo wina, ndipamene ndidzapereke masiku."

"Mwambo wina!" anafuula a Mkwezalamba, ndipo m'tenti munaphulika nthungululu.

A Kamzati mtima unawawawa. Anaimika dzanja.

"A Wapampando, ulendo winawo nkhani ya mthunzi muiganizire."

"Mwalankhula ngati munali m'mutu mwanga, bambo. Komiti yaliona vutoli ndi maso ake, ndipo yagwirizana kale. Tenti idzakhala yaikulu kawiri kuposa iyi."

Odwala anaomba m'manja, ena mpaka misozi. A Kamzati anawerama kuthokoza.

"Eetu," anapitiriza a Mkwezalamba akupukuta thukuta. "Zinali zomvetsa chisoni lero. Womunyamulira foni Wolemekezeka phewa lake lonse linali padzuwa."