Zikomo Potitulira Nyanja ku Nketa

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Mafunde Osatha,
Bulawayo.

Olemekezeka Bwana,

Ndagwada, chipewa chili m'manja. Ine ndine munthu wamba, wosoka nsapato ku Nketa kuno, koma chimwemwe chandikanika kusunga. Makolo athu anachoka ku Nyasalande wapansi kudzafuna ntchito, ndipo anafa nyanja yamchere osaiona. Koma inu Loweruka lapitali munangoinyamula nyanjayo n'kudzaitula pabwalo la kuseri kwa msika. Ha! Mulungu akuwonjezereni masiku.

Zikwangwani zanu zinalengeza kuti tauni yakale ya kugombe, kumene olemera amakapuma pa Khirisimasi, ikubwera yokha kwa ife amphawi. Ndinathamanga kukauza apongozi anga, Mayi Winifred a ku Luveve. Mwambo wathu mukuudziwa: wopita kunyanja amabwerako ndi chigubu cha madzi amchere, kamchenga kali pansi, owaza m'nyumba ndi kusambitsa odwala. Miyendo ya apongozi inatupa kalekale, ndipo madziwo ndakhala ndikuwalonjeza chikwatirireni mwana wawo Mildred. Tsikulo ndinawakweza kombi nditavala kabudula wamaluwa, ndikuyenda monyang'wa ngati ndine mwini nyanja. Mundilole tsono ndithokoze chimodzichimodzi.

1. Mchenga. Unali wabwino zedi, weniweni womangira nyumba. Pofika masana anthu anali atautuntha pa mawilibala, ndipo mnansi wanga Themba watsiriza nawo khonde. Akuti ndikupatseni moni.

2. Mafunde. Ankamveka bwino pa chimkuzamawu chomangirira pamtengo, kuti khwaaa, khwaaa, mpaka ine kunjenjemera. Magetsi atazima nyanja inangoti zii. Apo ndinaphunzira kuti nyanja nayonso imayendera magetsi.

3. Madzi. Apa Bwana ndiye munaposa. Tonse tikudziwa kuti mipopi yathu imatulutsa mphepo yokha, ndiye inu mwanzeru munayala chilona chabuluu, amuna awiri andevu atagwira uku ndi uku n'kumachikupiza. Sindinaonepo nyanja yaukhondo chotere. Munthu amasambira tsiku lonse n'kutuluka ali mbuu, fumbi lokhalokha. Amwano ena akuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akunama! M'kati mwanumo ngakhale nyerere munalibe.

4. Wopulumutsa omira. Mkulu ameneyu mumukweze pantchito. Apongozi atatsetsereka pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, n'kuvula nsapato, n'kugwada pachilonapo chigubu chili chotsegula, iye anaimba wezulo mwamphamvu n'kuwakoka pamkono, akuti apita pakuya. Anthu anaseka mpaka kugwa. Nanenso ndinayamba kuseka, koma nditaona nkhope ya apongozi, kuseka kunandithera pomwepo. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire.

Za migwalangwa yapulasitiki ndi ayisikirimu amene tinachita kumwa ndi kapu sindinena, ndingakutopetseni ndi mayamiko.

Zipatso za chitukuko chanu zafika mpaka m'nyumba mwanga. Apongozi anakwera kombi osandiyang'ana. Kale ankanditcha mkhwenyana wawo wokondedwa, monga anzathu Amandebele amatchulira mkamwini. Lero ndine "uja wa chilona". Mildred analongedza chikwama n'kuwatsatira ku Luveve kukawasisita miyendo, ndipo wanenetsa kuti abwerera tsiku limene madzi enieni adzafike. Choncho nanenso ndili pa tchuthi, Bwana! Ndikugona mopingasa pabedi, ndikudya buledi ndi madzi a shuga, palibe wondifunsa kumene ndachokera. Ndikusangalala kwambiri moti misozi ikungotuluka yokha.

Pempho langa ndi laling'ono. Ndamva kuti mwezi wamawa inu ndi banja lanu mukupita kugombe lenileni, kukatipumulira tonsefe. Chigubu cha apongozi ndachisiya kwa mlonda wa pageti panu, ndachitsuka bwino, dzina lawo lili pachivindikiro. Musavutike kulowa pakuya, mungatimirire. Mukamaliza kusamba, mungotitungirako pomwe mwasambirapo pomwepo. Apongozi sadzadandaula, Bwana. Ife a kuno zotsala zanu tinazizolowera.

Ine wanu wogwada mpaka mawondo kuchita zikang'a,

Gibson Kachingwe,
Mkamwini wopanda mkazi,
Nketa.