Kompyuta Ikafunsa, Woyankha Ndine

Lolemba

Amake Esita, lembani zimene ndikunena, musaonjezere zanu. Esita, mwana wanga, kalaliki watsopano wa pulazi ino ya fodya ku Darwendale, wakwera kombi kupita ku maphunziro ku Chinhoyi. Kiyi wa ofesi wasiyira ine. Ine!

Nkhani ili chonchi. M'kompyuta yaikulu ya mu ofesi muli foda ya anthu onse. M'menemo muli fayilo yonena kuti nazale iti ithiriridwe liti. Kuminda kulibe netiweki, ndiye Esita wakonza kuti laputopu ya foromani aliyense izisunga kope lake. Madzulo akabwera ku ofesi, makopewo amakumana n'kugwirizana. Abwana akuti zikayenda bwino amulemba ntchito yokhazikika.

Ntchito yanga: kutsegula, kuyatsa, kudikira. "Baba, ikakufunsani kanthu mundiimbire," watero. Kumuimbira? Ndinayamba kuumitsa fodya iye asanabadwe.

Lachiwiri

Yafunsa! Maforomani awiri asintha fayilo imodzi, aliyense ali kumunda kwake. Pagalasi patuluka kabokosi. Chizungu sindimva, koma mayina ndimawerenga. Che Yusufu, mkulu wanga m'komboni muno kuyambira kale. Tendai, wobadwa dzulodzuloli. Ikufuna kudziwa kuti zisungidwe za ndani.

Funso lachibwana. Mkulu akalankhula mwana sapikisana naye. Ndadina Che Yusufu, makina akhala chete. Ulemu amaudziwa.

Lachitatu

Yafunsanso, ndayankhanso. Tendai akukanda mutu, akunditchula agogo m'chilankhulo chakwawo. "Sekuru, zimene ndinalemba dzulo zapita kuti?" Ndamuuza kuti zapita kumene amapita mawu a ana pamsonkhano wa akulu.

Amene adziwa lero kuti ofesi ndikuyendetsa ndine: abusa, mayi wogulitsa matemba, woyendetsa thirakitala, ndi munthu wina amene amangofunsa njira ya ku Chinhoyi.

Esita waimba. Ndati zonse zili bwino, aphunzire ndi mtima umodzi.

Lachinayi

Nazale yakumtunda yasanduka dambo, achule akuimbamo masanasana. Yakumusi ngakhale dontho! Mbande zaweramitsa mitu. Wapampu akuti iye amatsegula madzi kumene fayilo yanena, basi.

Olakwa, monga ndikuonera ine: dzuwa, mphepo, magetsi, mwinanso Tendai.

Lachisanu

Che Yusufu andipeza akuchokera ku mzikiti. "Achimwene, chimakina chija ine sindilembamo kanthu. Magalasi anga anasweka. Ndimangochitsegula kuti abwana aone, kenako ndimadina paliponse mpaka chitseke."

Ndiye kuti zimene ndakhala ndikusunga ndi ndondomeko ya madzi ya sabata yatha, ndi zala za Che Yusufu pamwamba pake. Amake Esita, musaseke, lembani.

Madzulo kabokosi katuluka. Chala changa chikupita kwa Tendai. Koma Che Yusufu aima kumbuyo kwanga, akupumira pakhosi panga, akuti, "Dzina langa ndi liti pamenepo?" Munthu wa imvi ungamuchotse iye akuona? Ndadina Che Yusufu. Mawa ndikonza mwakachetechete.

Loweruka

Palibe mwakachetechete. Tendai waimbira Esita, Esita watsika kombi yoyamba. Amayi onse a m'komboni ali kumusi ndi zitini, mabaketi, wina ndi ketulo! Mbande za m'mphepete zauma, ukazigwira zikufumbutuka.

Esita wagwada, wandipatsa moni wonse osadumpha kanthu, wafunsa za mwendo wanga. Kenako watambasula manja awiri. Ndaikamo kiyi.

"Baba, ndinati mundiimbire." Mawu ake ndi okhawo. Wakonza kuti laputopu ya Che Yusufu izingowerenga, isamalembe. Akuti zimatheka. Bwanji sananene kale?

Lamlungu

Abwana ayendera nazale, nkhope ili gwa. Mbande zapakati zipulumuka. Ntchito ya Esita sinathe, koma zoikhazikitsa akuti aonanso fodya akaokedwa. Mwanayo sanatchule dzina langa. Wangoti analakwitsa posankha womusiyira.

Ku tchalitchi abusa andifunsa za ofesi. Ndati ndapuma, ukalamba.

Kiyi tsopano azisunga Tendai. Mawa ndikafuna kukaona mwana wanga pa ntchito yake, ndiyamba ndaima pakhomo, chipewa m'manja, n'kunena odi kwa Tendai.