Zikomo Bwana Sherifu, Nkhunzi Yachoka ndi Mpanda Womwe

Kwa Wolemekezeka Bwana Sherifu, Mkulu wa Apolisi,
Boma la Harlow Fork.

Bwana,

Ndine Mayi Wilma Tackett a ku msewu wafumbi wa Coon Hollow, uja mumaukumbukira chaka cha chisankho. Ndalemba kuti ndithokoze.

Lachiwiri lapitali ndinalawirira kuti ndipite ndi amuna anga, a Delbert, kuchipatala kukasefetsa magazi, poti impso zawo zinapuma pantchito kalekale. Akajomba tsiku limodzi, miyendo imatupa ngati mitsamiro. Nditatsegula chitseko ndinapeza nkhunzi ya a Hoyt Pruitt, alamu anu, itaima pakati pa khonde ndi galimoto yathu, ikupalasa pansi ngati yabwera kudzalanda malo. Ndinaimbira ofesi yanu, ndipo imvani mathokozo anga.

Choyamba, zikomo chifukwa cha Mayi Earline oyankha foni. Mawu awo ndi uchi weniweni. "Khalani phee, amayi, olondera ali m'njira." Njirayo, ndamva, imadutsa pa lesitilanti ya Dot, pomwe anyamata anu amalondera chitumbuwa cha mtedza wa pekani kuopa angachibe. Dzuwa litakwera ndinaimbanso, iwo n'kundifunsa, "Mwayesa kuikalipira?" Ndinayesa, bwana. Inangondiyang'ana ngati mmene inu mumayang'anira munthu wofunsa funso pamsonkhano.

Chachiwiri, ulemu wake! Ine ndinkadikira kagalimoto wamba, koma munanditumizira chigalimoto chankhondo chija munapatsidwa ndi asilikali, chomwe timachiona pa perete basi. Wachiwiri wanu, a Coy Hensarling, sanadziwebe pomwe pali mabuleki ake, koma ndani amabadwa akudziwa? Mpanda wanga unagona pansi mwaulemu. Matimati anga tsopano ndi supu. Bokosi la makalata sindinalipezebe.

Chachitatu, kulimba mtima. A Coy anatsika atakweza lamba, n'kunena, "Musaope, amayi, ine ndinakulira m'khola!" Nkhunzi itangofwenthera kamodzi, ndinaona munthu wamimba yake akuuluka. Ali padenga la chigalimotocho anaombera mfuti m'mwamba kuti aiopseze. Kwathu kuno kumwamba kuli pansi kwambiri, bwana, chifukwa chipolopolo chinakalowa m'tayala la galimoto yathu. Nkhunzi inaonerera zonsezi, inatopa nazo, n'kutulukira yokha pomwe panali mpanda.

Tayala litaphwa, a Delbert anapita kuchipatala pa chigalimoto chomwecho. Ine ndi a Coy tinachita kuwakankha kumbuyo kuti akwere. Mutu utatulukira pachibowo cha padenga anakuwa, "Wilma, ndijambule! Ndikafa lero ndafa ngati mkulu wa asilikali!" Anabayibitsa ng'ombe zonse za m'njira. Tinafika mochedwa, namwino anawagoneka komweko atakalipa kwambiri, koma ali moyo, ndipo pazaka zonse za ukwati wathu sindinawaonepo akusangalala chonchi. Ine ndinalephera, inu mwatha.

Chachinayi, chithunzi chomwe mwaika pa tsamba lanu la pa intaneti, cholembedwa kuti "Sherifu apulumutsa nkhalamba." Mwatuluka bwino zedi, bwana, makamaka poganizira kuti inu panalibepo. Chipewa chakukhalani.

Ndingaiwale bwanji kapepala komwe a Coy anabwera nako mawa lake? Akuti ndachenjezedwa chifukwa mpanda wanga ndi wothyoka ndipo ziweto zingatulukire kumsewu. Ziweto ndilibe, koma lamulo ndi lamulo, ndalandira ndi manja awiri. Alamu anu simunawavutitse ndi kapepala kalikonse, ndipo mwachita bwino. Ubale ndi fupa, suola. Nkhunzi yawo dzulo inali kwa aneba athu, Mayi Odom, ikudya maluwa. Ndawalangiza aipatse ndi madzi omwe, n'kotsika mtengo kusiyana ndi kukuimbirani foni.

Tsono pempho langa n'laling'ono, ndipo ndikulipereka nditagwada, ngakhale mawondowa akukana. Ndine munthu wofooka: tsiku lina akuba akadzalowa, kapena moto ukadzabuka, mwina ndidzaiwala n'kuimbanso foni. Chonde, bwana, mudzauze anyamata anu apitirize chitumbuwa chawo, asadzabwere. Nyumba tili nayo imodzi yokha.

Ine wanu wopulumutsidwa mpaka kukhuta,

Wilma Tackett (Mayi)
Pamalo opanda mpanda, Coon Hollow