Tsiku Limene Mkamwini Ananditchula Dzina

Ndiyambe ndi kunena kuti palibe anafa, galimoto ilipo, ndipo ntchafu yanga inasiya kuwawa patapita masiku atatu. Chimene sichinachire ndi mbiri yanga. Nkhaniyi ikuyenda kale kutchalitchi itamera miyendo yoonjezera, ndiye ndati ndiilembe ndekha musanaimve kwa anthu osandifunira zabwino.

Ine ndinayendetsa akazembe zaka makumi atatu ku America, pa Massachusetts Avenue, msewu uja wodzaza ndi maofesi a akazembe. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, koma pa chiwongolero ndinali pulofesa. Bwana ankatha kumwa tiyi kumbuyo ine ndikuzungulira raundabauti, osagwa ngakhale dontho pa tayi. (Panali mmodzi yemwe anadzithira, koma ameneyo manja ankanjenjemera kale.)

Tsono chaka chatha ndinakanda galimoto yanga pa chipilala cha pamalo oimikapo magalimoto kwathu ku Takoma Park. Kawiri. Chipilala chomwechomwecho. Ine ndimati anachimanga pamalo olakwika, koma mwana wanga Tiyamike, amene ndimakhala naye pamodzi ndi mwamuna wake, anayamba kuyang'ana makiyi anga ngati mphamba akuyang'ana anapiye.

Lamulungu lina titabwerako kutchalitchi, tili pa tebulo, anangolasa.

"Adadi, zaka sevente-thuu si masewera. Sitima ya Metro ili pafupi apa. Makiyi aja mundipatse."

Amene sanakhalepo dalaivala sangamvetse. Makiyi amenewo ndiwo mpando wanga wotsala. Mlendo akamatera ku bwalo la ndege, akutchalitchi amaimbira ine. Mukandilanda makiyi, ndatsala nkhalamba yodikira kuti wina aipititse kukameta.

Pa tebulopo panalinso mkamwini wanga, a Mbewe. Amagwira ntchito ku banki ina yaikulu ku Foggy Bottom, ntchito yomwe andifotokozera kanayi koma sindinaimvetse. Ndi munthu woleredwa bwino, wa ku Dedza. Akamandipatsa madzi amagwirizira ndi dzanja linalo n'kupinda bondo, m'khitchini ya ku America. Zaka zisanu ndi zitatu sanandiyang'anepo m'maso. Matenda awo ndi amodzi okha: galimoto yofiira ya zitseko ziwiri, yofupika moti ukalowamo umakhala ngati wakhala pa mphasa. Loweruka lina lililonse amapita nayo kubwalo la mipikisano, kumene anthu amaloledwa kuthamangitsa magalimoto awo popanda apolisi, ndipo kumeneko amaphunzitsanso ongoyamba kumene.

Nzeru inandibwerera pomwepo.

"Chabwino," ndinatero. "A Mbewe si mphunzitsi wa zoyendetsa? Anditengere kubwalo lawolo akandione. Akati sindingathe, tenga makiyi. Akati ndimatha, nkhani yathera pomwepo."

A Mbewe anatsamwa ndi madzi. "Bambo, mwina..."

"Mwavomera? Zikomo kwambiri."

Ndinkadziwa chimene ndinkachita. Ndi mkamwini uti anganene kuti apongozi ake satha kanthu? Mlanduwo ndinali nditaupambana usanayambe. Tiyamike anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kungoti, "Okay, adadi." Okay ameneyo ndikanamuopa.

Loweruka tinanyamuka m'mamawa, ulendo wa ola ndi theka chakumadzulo. Ine ndinavala suti yanga yakuda ndi tayi, chifukwa pa ntchito sindinayendetsepo nditavala malaya okha. Titafika ndinapeza anthu ali m'makabudula, ena atagona pansi pa magalimoto awo. Anandiveka helemeti pamwamba pa sutiyo, muli kawayilesi koti ndizimva mawu a mphunzitsi m'khutu. Ndinadziona pa galasi la galimoto: bowa wopita ku ukwati.

Kenako anatiitana ongoyamba tonse kumsonkhano, kuti atifotokozere za mbendera ndi zikwangwani za m'mbali mwa msewu. Apa ndivomere: ndinagona. Ndinkati munthu amene wayenda ndi mbendera ya dziko pa boneti zaka makumi atatu, mnyamata wa ndevu za mbuzi angamuuze chiyani za mbendera?

Ulendo woyamba ndinayendetsa galimoto yofiira ija monga ndimayendetsera, a Mbewe ali pambali panga. Mofatsa, mwaulemu, indiketa pa kona iliyonse. Galimotoyo inkalira ngati ikudandaula, koma ndinaigwira mtima. Nditayang'ana pa galasi ndinaona magalimoto asanu ndi awiri atandandalika kumbuyo kwanga. Mtima unasangalala. Ndinakumbuka masiku a mdipiti wa alendo a boma.

"Bambo," anatero a Mbewe m'khutu mwanga, "mukuyendetsa mosamala kwambiri."

"Zaka makumi atatu, a Mbewe."

"Indedi, bambo. Komabe ndimati, ngati sizikuvutani, mbendera yabuluu imene bambo waima m'mbali mwa msewu uja wakhala akutionetsa katatu konse... ena amaimva ngati pempho loti anzathu akumbuyowa adutse."

Ndinatulutsa dzanja pawindo monga a Mbewe anandiuzira, n'kuwalozera njira. Anadutsa onse, vuu, vuu, vuu. Sizinandipweteke. Chimene chinandipweteka ndi womaliza: kagalimoto kakang'ono kabuluu. Titaima kuti tipume, woyendetsa wake anavula helemeti, ndipo anali mayi wa imvi mutu wonse, wamkulu kuposa ine. Anabwera n'kundisisita paphewa, akuti tayi yanga ndi yokongola ndipo ndisade nkhawa, aliyense amayamba choncho.

Aliyense amayamba choncho. Ine.

Pa nthawi yopumayo ndinaona kanthu kena. Aphunzitsi enawo pofotokozera ophunzira awo ankalankhula ngati akuthamangitsa mbuzi m'munda: apa buleki, apa moto, apa usayang'ane pansi. Ndinafunsa a Mbewe ngati iwonso amatero ndi ophunzira awo.

"Ndimatero, bambo. M'galimoto mulibe nthawi. Mawu amodzi basi."

"Nanga ine bwanji simunditero?"

Anayang'ana nsapato zawo. "Aa, bambo. Inu ndingakukalipireni bwanji?"

Ndinanyadira kwambiri. Ndinati mwana wanga anasankha bwino. (Munthu wanzeru akanamva chenjezo pamenepa. Ine ndinamva ulemu.)

Ulendo wachiwiri tinatuluka tili kumbuyo kwenikweni kwa kagalimoto kabuluu kaja. Ndinati lero gogo ameneyu adziwa kuti tayi si ulesi. Pabwalopo pali msewu wautali woongoka, wokwera kachitunda, ndipo kuseri kwa kachitundako kuli kona yakuthwa yokhotera kumanja. Ulendo woyamba ndinkafika pa konayo ngati ndikufika pa geti ya kazembe, ndiye sindinaione ngati kanthu. Chakumapeto kwa msewu woongokawo kuli zikwangwani zitatu zolembedwa 3, 2, 1. Ndinamva pambuyo pake kuti pa 3 ndi pamene munthu amaponda buleki. Izi anazinena kumsonkhano kuja.

Ndinaponda moto mpaka pansi.

Abale, galimoto ija inali ikundisungira mkwiyo. Msana unamatirira kumpando, tayi inaulukira paphewa, masaya anabwerera kumakutu. Sindinamizepo: zinakoma. Kagalimoto kabuluu kanayamba kukula patsogolo panga. Nditaona nyali zake zofiira zayaka, ndinati eya, gogo wachita mantha.

"Bambo," anatero a Mbewe.

"Ndikumva, a Mbewe."

"Pepani kuti ndikukusokonezani muli pa ntchito..."

Chikwangwani cha 3 chinadutsa.

"Ayi, khalani omasuka," ndinatero. Ndinatembenuzanso mutu pang'ono kuti ndiwamvetsere bwino, chifukwa munthu akayamba ndi pepani ndiye kuti ali ndi nkhani.

"Ndimati mwina, osati kuti mwalakwitsa, koma ngati n'kotheka..."

Cha 2.

"Nenani, musaope."

"...mukanaganizirako zoti mwina phazi lanu..."

Cha 1 sindinachione n'komwe. Ndinangomva dzina langa. Osati mfunda wanga, osati bambo a Tiyamike. Dzina lenileni, lija anandipatsa amayi, limene ngakhale malemu mkazi wanga ankalitchula pokhapokha ndikalakwa kwambiri. Linaphulika m'helemeti ngati bingu.

"Buleki! Ponda buleki!"

Ndipo khofi pa ntchafu yanga, phwa!

Ndinaponda. Phazi linamvera lisanafunse kwa mutu. Koma nthawi inali itatha kale m'mapepani muja. Ndinaona msewu, mitengo, msewu, mitengo, kenako galimoto inalowa chammbuyo m'timiyala timene anathira kunja kwa kona kuti tizigwira anthu ngati ine. Fumbi kobo. Kenako zii. Chimene chinkamveka ndi chimodzi chokha: thi, thi, thi. Indiketa. Pa zonse zija ndinali nditakumbukira kuonetsa kuti ndikukhotera kumanja.

Lamulo la kumeneko ndi loti ukagwa usatuluke m'galimoto mpaka okukoka afike. Ndiye tinakhala, awiriwiri, titamangidwa malamba. Nditacheuka ndinaona a Mbewe akuyesa kugwada ali pampando, lamba akuwakaniza, akuomba m'manja mwakachetechete, helemeti ili gwedegwede.

"Bambo, ndikhululukireni. Sindikudziwa chimene chinandilowa. Pakamwa panga... ndi dzanja langa... aa, bambo."

Za galimoto yawo, yomwe inali itakwiririka m'miyala mpaka m'mimba, sanatchule n'komwe.

Munthu wabwino akanati, mwana wanga, mwapulumutsa moyo wanga. Ine mantha atangotsika pang'ono, ndinaona mwayi.

"A Mbewe," ndinatero mwa mawu a pa bwalo la milandu, "kwanu ku Dedza, mkamwini akatchula apongozi dzina n'kuwamenya, zimatha bwanji?"

"Bambo, musatero."

"Amayi anu akamva?"

Anabuula.

"Tsono tamverani. Ine sindinamve dzina lililonse. Ntchafu yangayi yagundidwa ndi giya. Inunso simunaone timiyala. Tikafika kunyumba, apongozi anu amatha kuyendetsa. Tagwirizana?"

Galimoto yotikoka inafika. Kenako a Mbewe anati, "Ndamva, bambo." Ndinaona kuti sanati ndavomera, koma ndinati ndi chimodzimodzi.

Madzulo tinapeza Tiyamike atakhala pa tebulo, foni ili chafufumimba patsogolo pake.

"Mwayendako bwanji?"

"Bwino kwambiri," ndinatero. "Afunse aphunzitsi."

A Mbewe anayang'ana firiji. "Bambo... amaonetsa indiketa pa kona iliyonse."

"Wamva?" ndinatero. "Iliyonse. Panalinso mayi wina anachita kubwera kudzandiyamikira."

Tiyamike anatembenuza foni ija n'kuidina. M'khitchini monse munamveka mawu aulemu: pepani kuti ndikukusokonezani muli pa ntchito.

Kagalimoto kofiira kaja kali ndi kamera pafupi ndi galasi, yojambula zonse za mkati ndi mawu omwe, ndipo zimene yajambula zimapita zokha pa foni ya mwini wake ndi ya mkazi wake. A Mbewe ankadziwa. Ndi chifukwa chake anati ndamva. Tinaonera limodzi mpaka kumapeto: dzina langa, khofi, fumbi, indiketa, ndi mlandu wonse wa ku Dedza uja, mawu anga akumveka bwino ngati a pa wayilesi.

Tiyamike anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsalu ya mbale. Kenako anasiya kuseka.

"Adadi, timiyala sitinandiopse ayi. Chandiopsa n'choti munthu anaona kona ikubwera, koma anayamba wapepesa kaye. Tonse m'nyumba muno timatero ndi inu. Ineyo za makiyizi ndinayamba kuziganiza chaka chathachi chisanafike, koma ndinkangozungulira."

Ndinapisa m'thumba la suti n'kuika makiyi pa tebulo.

Chigamulo chinali chotere. Makiyi amakhala m'chikwama cha Tiyamike. Amatuluka Lamulungu popita kutchalitchi ndi tsiku lokagula zinthu, masana okha, a Mbewe atakhala pambali panga. Alendo a ku bwalo la ndege ndimapitabe kukawalandira, koma ndimakhala mpando wakumbuyo ngati kazembe, ndipo ndapeza kuti kumbuyoko si koipa. Ine ndinaonjezapo lamulo langa limodzi, kuti ndisaoneke ngati ndangogonja: injini ikakhala ikulira, m'galimoto mulibe mpongozi. A Mbewe anene chimene aona, mawu amodzi, popanda pepani. Injini ikazima, ulemu ubwerere pamalo pake. (Za dzina lija ndinawalipiritsabe nkhuku. Anabweretsa yootcha kale ya m'sitolo, ili m'kabokosi ka pulasitiki, n'kuipereka atagwada. Ndinailandira.)

Ndinkayesa kuti lamulo langalo ndi la pamsewu pokha. Koma sabata yatha ndili pa sofa, a Mbewe anabwera n'kuima chapatali, manja kumbuyo.

"Bambo, pepani, mungabwereko panja pang'ono?"

Tinalowa m'galimoto yanga pamalo oimikapo paja, pafupi ndi chipilala changa chija. Anandipatsa makiyi ndi manja awiri. Ndinaliza injini n'kufunsa kuti tikupita kuti.

Anandiyang'ana m'maso.

"Kulibe. Mankhwala a BP mwasiya kumwa masiku anayi. Mumwe lero. Zimitsani."