Msinkhu wa Chisamba

Lolemba, 11 Ogasiti

Sabata yopatulira yafika. Bulugamu wa boma amene ndimayang'anirayu wapanikizana ngati anthu m'sitima ya ku Chipoka. Mitengo ikulimbirana dzuwa, yonse ikuonda. Mankhwala ake ndi a chimanga omwe aja: pa itatu iliyonse, wofooka uchoke, yotsala inenepe.

Zofunika:
penti wofiira wolembera mitengo yodula (ndinapempha chaka chatha, akuti ali m'njira)
tepi (ilipo, koma kumayambiriro kwake anadya makoswe)
anthu a nkhwangwa

Penti kulibe, ndagula laimu ndi ndalama zanga. Wopakidwa ndiye wodula.

Loweruka kukubwera bwana wa za nkhalango kudzasankha mitengo ya mbewu. Wosankhidwa nkhwangwa siiukhudzanso. Wanga ndi Chisamba, mtengo woyamba umene ndinabzala pano ndi manja angawa, m'mphepete mwa msewu. Chaka chilichonse ndimamukulunga tepi molingana ndi chifuwa changa, ndipo sanandichititsepo manyazi. Ndimamukonda, sindibisa. Vuto ndi limodzi: bwana akufunanso kutalika kwake. Ine ndimangolemba mafiti 70, zoyeza ndi maso.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Tsiku lonse ndi chitini cha laimu. Yopindika, yopinimbira, yamphanda, yonse ndaipaka. Msana!

A Saidi, asodzi a kugombe kuno, abwera Lachisanu ndi anzawo kudzadula. Malipiro awo ndi mitengo yomangira mathandala oyanikapo usipa. Ulendo watha ankandiitana pa mtengo uliwonse kudzafunsa, ntchito ya tsiku limodzi inatha sabata. Lero ndawauza lamulo katatu: woyera dulani, wosapaka siyani, mafunso ayi.

"Wallahi bwana, simumva mawu athu," atero.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Tsiku loyeza kutalika kwa Chisamba.

Njira yoyamba, ya m'buku: kuyeza mthunzi wa ndodo, kuyeza mthunzi wa mtengo, kenako masamu. Mthunzi wa Chisamba ukugwera m'mithunzi ya anzake. Wake ndi uti? Buku silikunena.

Njira yachiwiri, yanga: makwerero a nsungwi, chingwe m'chiuno, kukwera. Pa nthambi yoyamba pali chisa cha mavu. Mavu sanauzidwe kuti iyi ndi ntchito ya boma.

Kutsika ndatsika msanga.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Nkhope yatupa. Diso lakumanja latseka, lakumanzere likuona pang'ono ngati la nkhuku ya chitopa. Sindituluka.

Pakhonde pamveka mawu a tcheyamani a chipani, akulankhula ndi mayi akunyumba. Loweruka padutsa mlendo wamkulu, pamsewu payere. "Laimu ali apayu tamubwereka, amayi." Chipani chikakubwereka chinthu umathokoza. Ndathokoza ndili m'kati.

Apaka miyala ya m'mbali mwa msewu, monga mwa nthawi zonse. Anyamata awo akuimba cha kumeneko tsiku lonse. Kani miyala ilipo yambiri chonchi?

Lachisanu, 15 Ogasiti

A Saidi alawirira kuti amalize isanakwane nthawi ya kumzikiti. Ine pamphasa, nkhwangwa zikulira, mtima uli m'malo. Phu. Phu. Timitengo tofooka tikugwa mwaulemu.

Kenako khuu! Mpaka mbale zalira m'nyumba. Mtengo wopinimbira sugwa choncho.

Ndathamanga ndi diso limodzi. Miyala yoyera, inde. Koma anyamata aja sanalekere pa miyala. Mzere wonse wa m'mphepete mwa msewu, mitengo yanga yabwino kuposa yonse, aipaka mpaka m'chiuno kuti mlendo asangalale. Yonse ili pansi. Chisamba wagona chopingasa ngalande.

"Ifenso tinadabwa, bwana," akutero a Saidi. "Koma munati mafunso ayi."

Ndinaterodi. Katatu.

Loweruka, 16 Ogasiti

A tcheyamani akwiya: mlendo aona zitsa! Lamulo latuluka kuti zitsa zipakidwe. Laimu wanga, dzanja langa. Chitsa cha Chisamba ndapaka ndekha, sindinalole wina.

Mlendo wadutsa masana. Magalasi otseka, fumbi koboo. Taomba m'manja. Sanacheuke.

Bwana afika dzuwa litapendeka. Ayenda, ayang'ana zitsa, ayang'ana m'kati momwe yopindika idakali chiimire ndi laimu wake, poti a Saidi anayambira kumsewu ndipo nthawi ya swala kumzikiti inawakwanira. Ayang'ananso nkhope yanga.

"Kupatulira kwa mtundu uwu ife sitinaphunzire."

Mtengo wa mbewu sanasankhe. Akuti lipoti lifike Lolemba, ndipo pa kutalika pasakhale zongopeka.

Lamulungu, 17 Ogasiti

Kutchalitchi sindinapite, nkhope ikuopsa ana. Mayi akunyumba akuti ndisade nkhawa, bulugamu amaphukira pachitsa. Ndikudziwa. Wa nkhalango ndine.

Ndatenga tepi. Lero palibe za mthunzi, palibe makwerero, mavu asamuka. Ndikungoyenda m'mbali mwake, kuchokera kutsinde mpaka kunsonga. Ndaonjezera chitsa, ndaonjezera gawo la makoswe. Mafiti 86. Ndabwereza. 86.

Ndakhala pathunthu pake, ndalira pang'ono ndi diso lomwe likugwira ntchito. Zaka zonsezi ndimamulembera 70.

Ndinkamuchepetsa mwanayu.