Makushoni a Nzimbe m'Bwato la Kalikokha

Mwambi wa mkuyu uja unayamba motere, ana inu, ndipo amene anakuuzani kuti ukunena za mtengo anangokunamizani. Senderani kuno kumthunzi, koma makina anga osokerawa musawakhudze. Mkuyu linali dzina la bwato.

Linali bwato la thanga, lakalekale, lokhala ndi kachipinda m'kati mwake. Mzungu wina wa ku esiteti pobwerera kwawo analisiyira wantchito wake, Kalikokha. Poti linkamangidwa patsinde la mkuyu padoko, anthu anangolitcha Mkuyu.

Kalikokhayo anali munthu wolota masana, dzuwa likuswa mtengo. Ankagona chagada m'bwatomo, maso kumitambo, n'kumaona ng'ombe zake zoyera zikudya msipu kumwamba. Pansi pano analibe ngakhale nkhuku. Koma mtima anali nawo wabwino, ndipo mtimawo unali pa Nangondo, mkazi wogulitsa zitumbuwa padoko pomwepo. Nangondo anamulola. Mawu omaliza okha anali kwa malume ake, a Chidzanja, nkhalamba ya msana wovuta yokhala kutsidya. Iwo anatumiza uthenga: "Mkamwiniyo adzanditenge yekha. Ndikayenda bwino m'bwato lake, mwana ndi wake. Ndikavutika, aiwale."

Tsono makushoni a m'kachipinda muja anali atatheratu. Nsalu inali itang'ambika, siponji itafumbutuka ngati mgaiwa, moti ukakhalapo unkagunda thabwa. Kalikokha anawasenza kubwera nawo kwa bambo anga, amene anali telala pakhonde lomwe lino. Anasankha nsalu ya maluwa ofiira ndi mbalame zouluka.

"Nsaluyi ndisoka, achimwene," anatero bambo. "Koma khushoni ndi m'kati. Dikirani usufu uphulike m'mitengo, tiuyanike, tichotse njere."

"Uphulika liti?"

"Kukatentha."

"Ndiye Nangondo azidikira mtengo? Inu sokani matumba okha, musiye pakamwa. Zam'kati ndidziwa ndine."

Pobwerera anadzera pamsika wa nzimbe. Kuseri kwake kunali mulu wa zotafunatafuna zimene anthu amalavula akayamwa madzi, zitauma padzuwa, zoyera mbuu. Kalikokha anaima. Anazigwira, n'kuona kuti n'zofewa, ndipo mutu wake unayamba ulendo.

"Wotsamira mwala amalota njala," anadziuza. "Wotsamira usufu amalota mitambo. Nanga wotsamira nzimbe? Ameneyo ndiye alota zotsekemera zokhazokha. Apongozi akadzuka, akane bwanji?"

Bambo atamusokera matumba aja, Kalikokha anawadzaza onse ndi zotafunatafuna zija mpaka kufufuma, anasoka pakamwa, n'kuwayala m'kachipinda. Iye sanakhalepo ngakhale kamodzi, ati oyamba akhale apongozi. Anatseka kachitseko. Masiku otsatira ankaona mzere wa nyerere ukutsika mumkuyu, kutsata chingwe, kulowa m'bwato. Anangomwetulira.

"Ngakhale nyerere zamva mbiri," anatero. "Zikubwera kudzaona kukongola."

Tsiku litakwana, anawoloka m'mawa ndi Nangondo kukatenga nkhalamba ija. A Chidzanja anakwera mochita kugwiriziridwa, akubuula. Atasuzumira m'kachipinda anagwira pakamwa.

"Koma mkamwini! Zoterezi ndinaziona kwa a DC kokha."

Anagona pamaluwa paja, chipewa kumaso. Kamphepo kanadzaza thanga pang'onopang'ono. Madzi ankanyambita m'mbali mwa bwato, mapiri akutsidya akusungunuka m'nkhungu, ndipo Mkuyu unkayenda ngati sukufuna kufika. Kalikokha pachiwongolero ankaona kale ana ake akusewera pamitambo, pakati pa ng'ombe zija. Anali asanakondwepo chotero chibadwire.

Kenaka milomo ya a Chidzanja inayamba kugwedera.

"Mwaona?" Kalikokha ananong'oneza Nangondo. "Akumwetulira. Nzimbe zayamba ntchito."

"Nzimbe zanji?"

"Khalani chete, mungawadzutse."

Phewa la nkhalamba linagwedezeka. Kenaka chiuno. Kenaka miyendo yonse iwiri.

"Akuvina," anatero Kalikokha, misozi ili m'maso. "Akuvina paukwati wathu, Nangondo."

"Mayo ine! Ndapsa!"

A Chidzanja, amene pokwera anachita kugwiriziridwa, anatuluka m'kachipinda ngati mnyamata wa mpira. Malaya uko, buluku uko, pamaso pa mkamwini ndi mwana wa mlongo wawo yemwe, kenaka m'madzi khuvuu! Nangondo anaphimba kumaso. Atatsegula anatenga mpeni, n'kung'amba khushoni limodzi pakati pa mbalame. Munali nyerere bii, mudzi wathunthu, mazira ndi ana omwe.

A Chidzanja anawavuula ndi nkhafi, n'kuwafunditsa chitenje cha Nangondo. Kalikokha anayesa kukonza nkhani.

"Komatu msana wawongoka, apongozi. Mwadumpha bwino kwabasi."

"Apongozi ako ndani? Munthu wandiona ndilibe buluku, ndidzakhale naye pamphasa imodzi? Mwana wa mlongo wanga sindingamupereke kwa wokonza kunja kokha."

Kalikokha anayang'ana Nangondo. Mkaziyo sanakalipe. Anangoti, "Usufu uja ndikanadikira, a Kalikokha. Mukanangondifunsa."

Mawu amenewo anamuluma kuposa nyerere, ndipo ine mpaka lero ndimamumvera chisoni. Usufu unaphulika patangopita kanthawi, n'kumauluka padoko ponse, wina n'kumagwera m'bwato momwemo. Koma Nangondo anali atapita kutsidya ndi malume ake.

Tsiku lija atakocheza, anthu anali atadzaza padoko, poti mbiri ya makushoni a maluwa inali itafala. Mayi wina anafuula, "A Chidzanja, mwaliona bwanji bwato lokongolali?"

Nkhalamba inatsika itagwira chitenje ndi dzanja limodzi, linalo likukanda kumbuyo. Inacheuka, n'kuyang'ana maluwa ofiira aja komaliza, ndipo inati:

"Chikomekome cha Mkuyu, m'kati muli nyerere."