Sopo Wosachita Thovu

Mpaka lero, apongozi anga akandipeza ndikuchapa, amatapako sopo pang'ono, n'kumununkhiza, kenako n'kundiyang'ana. Ana anga amaganiza kuti agogo awo amangokonda fungo la sopo. Ine ndimangozyolika, chifukwa ndikudziwa komwe mwambo umenewu unachokera.

Ndinakulira m'manja mwa agogo anga ku Kadewere, makolo atatisiya ndili wamng'ono. Ndinali mwana wosayankhulayankhula. Anthu ankati ndine waulemu, koma zoona zake n'zakuti ndinkangoopa pakamwa pa anthu. Chimene ndinali nacho ndi maso. Ndinkadziwa amene wagula beseni latsopano, amene wabwereka nsapato za mchemwali wake, amene akuseka koma kunyumba kwake kulibe mchere. Kuona zambiri kumeneku n'kumene kunandipweteka, chifukwa ndinkayesa kuti aliyense amandiona mmene ine ndinkawaonera.

Chaka chimene sopo waufa anakwera mtengo ngati wapenga, agogo anaika lamulo. Anandipatsa chitsekerero cha botolo la mafuta ophikira.

"Beseni limodzi, chitsekerero chimodzi," anatero. "Sopo si ndiwo. Thovu silichapa, chimachapa ndi manja."

Ndivomere pano kuti ankanena zoona. Ndikanyika zovala kaye, n'kuyamba ndi zoyera, zakuda pambuyo, zinkayera bwinobwino, ndipo sizinkavuta kutsukuluza. Vuto silinali zovala. Vuto linali pamjigo.

Pamjigo pathu munthu ankalemekezedwa ndi thovu. Beseni la mnzako likamasefukira ngati mowa wamasese, lako lili zii, nkhani yayamba. Panali mayi wina, a Nangozo, amene pakamwa pawo sipankapuma. Tsiku lina anasuzumira m'beseni langa.

"Mwana wa agogo, kodi ukuchapa kapena ukungozibatiza zovalazi?"

Mjigo wonse unagwa ndi phwete. Ine ndinasekako pang'ono (anthu ofatsafe timathandiza anthu kutiseka), koma mumtima munawawa. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti pamjigo womwewo ankachapanso amake Yohane. Yohane anali mnyamata wokonza njinga amene anali atandifunsira, ankhoswe atakambirana kale, chinkhoswe chikuyembekezeka tikamaliza kukolola nandolo. Kwathu kuno mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi. Ndiye ndinkadzifunsa: mayi ameneyu alola mwana wake kukalowa pakhomo posowa ngakhale thovu?

Apa m'pamene ndinapeza nzeru, ngati tingaitche nzeru. Ndinatola paketi yaikulu ya sopo, yopanda kanthu, kudzala la aphunzitsi ena. Ndinaipukuta bwino, n'kuidzaza ndi ufa wa makaka wa agogo, chinangwa chouma chimene tinali titangogayitsa. Pamwamba ndinawazapo sopo weniweni kuti pazimveka fungo. Ntchito ya paketiyo inali kungokhala pamwala ngati mlendo wolemekezeka. Sopo wochapira ndinkamumanga pa mfundo ya chitenje, ndipo ndikapisa dzanja m'paketi, ndinkatulutsa yemwe ndinali nditafumbata kale.

Zinayenda. A Nangozo anasintha nyimbo. "Ee, taonani paketi! Wayamba kale kudya za Yohane mwanayu." Agogo nawo kunyumba ankatukwana makoswe kuti akutha ufa.

Ndiye linafika Lachitatu lija. Amake Yohane anabwera pamjigo ndi bulauzi yawo yoyera ndi duku loyera, yunifomu ya amayi a kutchalitchi. M'mawa mwake kunali msonkhano waukulu wa amayi ku Nchema, ndipo iwo ndi amene anasankhidwa kutsogolera nyimbo.

"Mwanawe," anatero, "sopo wandithera. Tandigawireko pang'ono, ndingochapa tiwiriti."

Ndinagwada, monga ayenera kuchitira munthu kwa apongozi. Ndisanaganize zomasula mfundo ya chitenje, iwo anali atanyamula kale paketi n'kukhuthulira m'beseni mosaumira, poti mwini wake ali nayo yaikulu. Madzi anayera ngati mkaka. Anavundula. Anavundulanso.

"Nanga sakuchita thovu bwanji?"

Abale anga, apa Mulungu ananditsegulira khomo lonenera zoona. Ine, munthu amene ndimatha tsiku lonse osatulutsa mawu, ndinasankha nthawi imeneyi kuti ndiyankhule.

"Ndi wamakono, amayi. Sachita thovu."

"Eya, ndinamumva pa wailesi ameneyu," analowererapo a Nangozo, amene sankafuna kuti chinthu chiwapitirire. "Ndipo musatsukuluze kwambiri, mumachotsa mphamvu."

Amake Yohane anamvera malangizowo. Ine ndinabwerera kunyumba ndowa ili pamutu, mtima uli m'mapazi.

M'mawa mwake anadzera kwathu kuti tipitire limodzi, poti ine ndinkaperekeza agogo, kuwanyamulira kampando. Nditawaona ndinatsala pang'ono kukhulupirira bodza langa lomwe. Simbi ya makala inali itaphika ufa uja m'nsalu. Bulauzi inali gwa, yosalala, kolala itaima yokha. Duku linali njo ngati kachipewa ka anamwino akale. Akamayenda zinkalira kuti khwa khwa.

"Sopo wako uja, mwanawe!" anatero akumwetulira. "Ndikawauza amayi onse."

Ndinapemphera kuti dzuwa liwale tsiku lonse. Koma unali mwezi wa chisanu, ndipo aliyense wa kuno amadziwa khalidwe la chiperoni. Anthu anachuluka, tchalitchi chinachepa, msonkhano unachitikira panja pansi pa mitengo. Nyimbo yoyamba inayenda bwino. Pa yachiwiri, nkhungu inatsika, kamvula kaja kosamveka kugwa n'kuyamba kuwaza.

Ine maso anali pa bulauzi. Ndinaona kolala ikugona pang'onopang'ono. Duku linafota. Kenako nsalu yonse inayamba kunyezimira ngati therere. Amake Yohane anakweza manja potsogolera nyimbo, atawatsitsa mkono wa bulauzi unamatirira m'nthiti, ndipo anachita kuumatula. Tsamba linagwa mumtengo n'kukhazikika paphewa, osatsika. Nthenga ya nkhuku inabwera ndi mphepo, nayonso inapeza malo pamsana. Mayi wina anafuna kuwathandiza kuchotsa, dzanja lake linabwerako likunanda, n'kumalipukutira pa udzu.

Zikanathera pomwepo bwenzi tikuti ndi ngozi. Koma itafika nthawi ya pemphero, onse atagwada n'kutsinzina, kunabwera mbuzi. (Ine sindinatsinzine. Ndinaiona ikuchokera kutali, mphuno ili m'mwamba, ikudutsa amayi onse ngati yatumidwa.) Inayamba ndi kunyambita msana. Amake Yohane anagwedeza phewa, akupempherabe. Kenako inagwira nsonga ya duku n'kuyamba kutafuna, ndipo itakoka, duku linatsala pang'ono kuchoka kumutu.

"Choka! Satana iwe!" anakuwa pakati pa pemphero.

Ameni wake sanamveke. Amayi ena ankaseka atabisa nkhope m'zitenje, ena ankathamangitsa mbuzi, imene sinkafuna kupita kutali. Apo agogo anga, amene makutu anali atayamba kuwavuta ndipo ankayankhula ngati akuitana munthu kutsidya la mtsinje, anagwira bulauzi ija, n'kununkhiza chala, n'kulawa.

"Awa ndi makaka! Makaka anga awa! Ine kumanamizira makoswe!"

Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana. Amayi onse anatsata maso awo. A Nangozo, amene dzulo lake anamumva sopoyu pa wailesi, ndi amene anayamba kunena kuti ankakayika kuyambira pachiyambi.

Njira yonse yobwerera amake Yohane sanandiyang'ane. Anadzifunditsa chitenje, ali patsogolo. Ine m'mbuyo ndi kampando, ndikudziwa kuti ukwati wanga wadyedwa ndi mbuzi.

Madzulo ake agogo ananditengera kwa amake Yohane. Ndinagwada chapatali, pafupi ndi nkhokwe, n'kufotokoza zonse: chitsekerero, kubatiza zovala, paketi ya kudzala. Mawu ankatuluka ngati ndikuwagula. Ndinamaliza ndi kunena kuti ndinkaopa kuti adziwa zoti kwathu sopo ndi wovuta.

Amake Yohane anati, "Iwe mwana, unkaopa kuti ndidziwa kuti mulibe sopo? Nanga ine pamjigo paja ndinabwera kudzakupempha chiyani?"

Ine wa maso akuthwa, wodziwa za m'nyumba za anthu onse, chimenechi sindinachione.

Anandiponyera bulauzi ija kuti ndikaichape. Ndinaichapa ndi chitsekerero chimodzi cha agogo, ndipo inayera. Duku lokha ndiye linalibenso nsonga. Chinkhoswe chinachitika, ngakhale kuti Yohane mpaka pano akavala malaya amafunsa ngati n'koyenera kudutsa pafupi ndi khola la mbuzi.

Sopo ndimayezabe ndi chitsekerero, ndipo ana anga ndawaphunzitsa kuti thovu silichapa. Ufa ndinasiya kuusewera. Koma ndisakunamizeni kawiri: ndimagula timapaketi ting'onoting'ono, n'kumakhuthulira m'paketi yaikulu ndisanapite kumjigo. A Nangozo akadali moyo.